Bondo likati "tho!" pabwalo: opaleshoni, fizio, kapena kusiya bola?

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 22, amasewera pakati mu timu ina ya kuno ku Chipata, imodzi mwa matimu aja amene osewera amasonkherana okha ndalama ya galimoto akamapita kukamenya bola ku Katete kapena ku Lundazi. Tsiku limene anavulala palibe amene anamukhudza. Anaponda ndi mwendo wamanja kuti akhote, thupi linakhotadi koma phazi linatsalira m'kadzenje. Akuti anamva "tho!" ngati wina wathyola kamtengo kouma. Anadzuka, nayesa kuthamanga, bondo n'kugwedera. Pofika madzulo linali litatupa ngati papaya.

Agogo ake anathowa ndi madzi otentha masiku atatu. Kunabweranso wina ndi lezala kuti ateme mphini, koma ameneyo ndinamubweza pakhomo. X-ray inatuluka yoyera, tonse mitima n'kukhala pansi: fupa lili bwino, wangobinya. Patatha milungu 6 anayambanso kuthamanga. Ndiye tsiku lina potsika minibasi pafupi ndi msika wa Kapata bondo linangopinda lokha, iye pansi khu, tomato wa mayi ake mbwee m'fumbi. Madzulo ake anabwera kwanga. "Amalume, bondo ili likundinamiza. Silipweteka, koma sindingalikhulupirire."

Chimene chinaduka ndi mtsempha wotchedwa ACL. Mkati mwa bondo muli mitsempha iwiri yopingasana yomanga fupa la ntchafu ku fupa la msongolo, ndipo wakutsogolo ndiwo umenewu. Ndi waufupi, masentimita 3 kapena kupitirira pang'ono. Ntchito yake ndi kugwira msongolo kuti usaterereke kupita kutsogolo kapena kupotoka. Munthu woyenda mowongoka saufuna kwenikweni, n'chifukwa chake wodula ACL amatha kupalasa njinga kuchoka ku Mtenguleni mpaka m'tauni atanyamula thumba la chimanga. Vuto limabuka pokhota mwadzidzidzi, poima mothamanga, ndi potera ukadumpha, ndiye kuti bola, netibo ndi basiketibo. Pafupifupi 7 mwa anthu 10 odula ACL amadula popanda kugundidwa ndi munthu. Akazi amadula kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi amuna a masewera omwewo, ndipo okonda Copper Queens akukumbukira kuti goloboyi wathu Hazel Nali anaphonya World Cup ya 2023 chifukwa cha mtsempha womwewu.

X-ray imaona mafupa basi. Dokotala wodziwa amazindikira ndi manja: amapinda bondo pang'ono, dzanja lina kugwira ntchafu, lina kukoka msongolo, n'kumva ngati ukuima penapake kapena ukungopita. Amati Lachman test. Makina ena ojambula m'thupi otchedwa MRI ndiwo amaonetsa mtsemphawo pamodzi ndi meniscus, tinkhata tiwiri tofewa tokhala pakati pa mafupa awiriwa. Tinkhata timeneti musatiiwale, nkhani yonse ya bondo pa ukalamba ili pa ito.

ACL ikaduka yonse kawirikawiri silumikizana yokha, popeza imalandira magazi ochepa ndipo nsonga zake zimayandama m'madzi a m'bondo zitanyenyeka ngati chingwe cha khonje. Choncho opaleshoni imene anthu amanena si yosoka ayi. Amachotsa zotsalazo, kuboola fupa la ntchafu ndi la msongolo, n'kulowetsamo mtsempha wina wotengedwa pena. Amagwiritsa ntchito kamera kudzera pa timabowo ting'onoting'ono.

Fizio poyamba, mpeni pambuyo ngati pafunika

Njira imeneyi, yolimbitsa bondo ndi masewera olimbitsa thupi moyang'aniridwa ndi achipatala, ambiri amaiona ngati ya osauka, koma ili ndi umboni wake. Ku Sweden anatenga achinyamata 121 a zaka 18 mpaka 35 amene anali atangodula ACL, n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linachitidwa opaleshoni msanga, lina linayamba ndi fizio, atauzidwa kuti bondo likapitiriza kuvuta adzachitidwa. Zotsatira zinatuluka mu 2010, ndipo zina patatha zaka 5. Magulu onse awiri anafika pofanana pa ululu, pa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi pa mmene ankamvera za bondo lawo. Mwa amene anayamba ndi fizio, theka anadzachitidwabe opaleshoni, theka linalo sanaifune. Ku Netherlands kafukufuku wa anthu 167 wa mu 2021 anapezanso kuti theka la oyamba ndi fizio linathera ku opaleshoni.

Musathamangire kusangalala. A ku Sweden aja sanali osewera olipidwa a m'maligi akuluakulu, ndipo fizio yawo inali yoyang'aniridwa kwa miyezi, osati kukhala pakhonde mwendo uli pampando kudikira kuti kutupa kuphwe. Palinso kafukufuku wa ku UK wa mu 2022 amene ine ndimaona kuti akufanana kwambiri ndi ife. Anatenga anthu 316 amene anavulala kalekale ndipo bondo linali likuwapindikirabe. Kwa amenewa opaleshoni inapambana fizio pa miyezi 18. Kuno kwathu ambiri timafika kwa dokotala mochedwa choncho, bondo litapinda kale kasanu.

Kupinda kumeneku ndiko koopsa. Nthawi iliyonse bondo likaterereka, mafupa amatafuna nkhata zija. Meniscus ikang'ambika moti n'kuchotsedwa, mafupa amayamba kukhulana, ndipo nyamakazi ikhoza kubwera munthu asanakwane zaka 40. Ndiye njira ya fizio yokha ndi yabwino kwa munthu amene bondo lake lakhazikika: mphunzitsi wosewera bola ya madala Lamlungu, wopalasa njinga, wothamanga mtunda wowongoka, mayi amene netibo anali kusewera pa mpikisano wa tchalitchi kamodzi pachaka. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene akufuna kubwerera kukakhota pabwalo mlungu uliwonse, ndipo bondo likupindabe atalimbikira fizio miyezi itatu, nkhani ndi ina.

Pali zizindikiro ziwiri zosadikira fizio. Bondo likakhoma, osatheka kuliwongola ngati muli kamwala, mwina chidutswa cha meniscus chapindikira pakati, ndipo chimafunika dokotala wa mafupa mwamsanga chisanafike posasokeka. Phazi likachita dzanzi, kuzizira kapena kulephera kutukuka pambuyo povulala kwambiri, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.

Opaleshoni imabweza angati pabwalo?

Apa ndi pamene anyamata amanamizidwa ndi TV. Virgil van Dijk anadula ACL mu October 2020 atawombana ndi Jordan Pickford pamasewera a Liverpool ndi Everton, ndipo mu August 2021 anali atabwerera mu ligi. Aliyense amatchula ameneyu. Sam Kerr, amene anadula mu January 2024 ali ku timu ya akazi ya Chelsea n'kudzabwerera mu September 2025, satchulidwa, chonsecho nayenso anali ndi madokotala apamwamba.

Ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2014, anapeza kuti mwa ochitidwa opaleshoni 100, okwana 81 amabwerera ku masewera ena alionse, 65 amafika pamene anali asanavulale, ndipo 55 okha ndi amene amabwerera ku mpikisano. Ngakhale m'matimu akuluakulu a ku Ulaya, kumene pafupifupi onse amabwerera patatha miyezi 7 kapena cha pamenepo, patatha zaka 3 amene amakhala akusewerabe pamlingo womwe uja ndi 65 pa 100. Ambiri amene sabwerera bondo limakhala lolimba ndithu, chowagwira ndi mantha. Munthu amafika pa mpira wa 50-50, mwendo n'kukana wokha.

China chowawa n'chakuti mwa osewera osakwana zaka 25 amene amabwerera pabwalo, pafupifupi mmodzi mwa anayi amadulanso, mwina mtsempha woikidwawo, mwina ACL ya mwendo winawo. Ndiponso opaleshoni siletsa nyamakazi. Chimene imachita ndi kukhazikitsa bondo kuti lisapinde, motero nkhata zija zimatetezeka.

Mtsempha watsopano achotse pati?

Dokotala akafika pa funso limeneli, mabanja ambiri timangoti, "Mukudziwa ndinu adokotala." Ulemu ndi wabwino, koma bondolo mudzakhala nalo ndinu.

Woyamba ndi patellar tendon, mtsempha wochokera pa kafupa ka kutsogolo kwa bondo kutsikira ku msongolo. Amadula chigawo chapakati pamodzi ndi tizidutswa ta fupa uku ndi uku. Ubwino wake, fupa limagwirana ndi fupa mofulumira, cha m'milungu 6 mpaka 8, ndipo suduka wamba. M'kaundula wa dziko la Norway, amene anafunika opaleshoni yachiwiri m'zaka 5 anali pafupifupi 2 pa 100 mwa oikidwa patellar tendon, pamene kwa oikidwa hamstring anali pafupifupi 5 pa 100. Kuipa kwake ndi ululu wa kutsogolo kwa bondo, makamaka pogwada, ndipo ena umawatsatira zaka.

Mzungu wa ku Oslo akawerenga zimenezi amati palibe kanthu, amagwada kangati pachaka? Ife tiwerenge. Mtengwa amagwada popereka madzi kwa apongozi. Mkatolika amagwada pa Misa, ndipo m'matchalitchi ambiri a kumudzi chogwadira chake ndi simenti. Pali kupukuta pansi, kusinja, kuzira, kupalira mbewu ku dimba, kugwada pamaso pa amfumu pa mlandu, kugwada pamaliro. Womanga nyumba ndi wokonza galimoto amathera tsiku pa maondo. Mtsikana wa netibo wa zaka 19 amene lero akungoganiza za chikho, mawa adzakhala pabanja, ndipo kufotokozera azakhali a mwamuna chifukwa chimene akuperekera moni ali chiimire si ntchito yamasewera. Sindikunena kuti patellar tendon ndi woipa. Kwa mnyamata amene bola ndiyo ntchito yake, ine ndikanasankha umenewu. Koma dokotala mumuuze mmene mumakhalira, asaganize kuti nonse mumadyera patebulo.

Wachiwiri ndi hamstring, mitsempha iwiri ya kumbuyo kwa ntchafu imene amaipinda kuti ikhale nsinga zinayi. Bala ndi laling'ono, kugwada sikuvuta kwenikweni, ndipo madokotala ambiri anauzolowera. Koma mtsempha umachedwerapo kugwirana ndi fupa, mpaka milungu 12, ndipo ukakhala wopyapyala, wosakwana mamilimita 8, umaduka msanga, makamaka kwa achinyamata. Mphamvu yopinda bondo imatsikanso, chonsecho minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndiyo imathandiza ACL kugwira msongolo. Wothamanga liwiro amazimva.

Pali chowonjezera chimene chasintha nkhani ya hamstring. Amatenga kachingwe ka mnofu wolimba wa m'mbali mwa ntchafu n'kukamangirira kunja kwa bondo kuti kathandize kuletsa kupotoka. Mwachidule amati LET. Kafukufuku wa ku Canada ndi ku Ulaya wa mu 2020, wa achinyamata oposa 600 a zaka 14 mpaka 25, anapeza kuti m'zaka 2 mtsempha unaduka kwa 11 pa 100 mwa oikidwa hamstring yokha, pamene kwa owonjezeredwa LET anali 4 pa 100. Ngati wovulala ndi wamng'ono, kapena ndi wa maondo ofewa aja opindikira kumbuyo akaima, funsani za chimenechi.

Wachitatu ndi quadriceps tendon, wa pamwamba pa bondo. Ndi wonenepa, suvutitsa pogwada ngati patellar tendon, koma ntchafu imachedwa kubwerera mphamvu, ndipo si dokotala aliyense amene anauzolowera.

Wachinayi ndi mtsempha wa munthu amene anamwalira, wosungidwa mozizira. Nditatchula zimenezi pakhomo, agogo aja anangoti, "Mwendo wa mdzukulu wanga uziyenda ndi chiwanda?" Sitinakanganepo, chifukwa ngakhale madokotala saulimbikitsa kwa achinyamata: ku America anapeza kuti umaduka kuwirikiza katatu kapena kanayi poyerekeza ndi wa thupi lako. Umayenera anthu achikulire osathamanga kwambiri, ndipo ndi wodula.

Mudzaonanso pa intaneti za ku Australia, kumene amamanga bondo litapinda ngati la munthu wokhala pampando kwa milungu 4, n'kumaliwongola pang'onopang'ono mpaka milungu 12, kuti ACL ilumikizane yokha. Mwa anthu 80 oyamba, 9 mwa 10 anaonetsa kulumikizana pa MRI. Koma imayenera kuyamba masiku oyambirira, imafuna MRI, chomangira chapadera ndi mankhwala oletsa magazi kuundana. Musayese ndi nsungwi ndi chitenje.

Ngati wovulala ndi mwana amene sanathe kukula, kuboola fupa kumafuna luso lina kuti mwendo usadzafupike kapena kukhota. Ameneyo aonedwe ndi dokotala wa mafupa a ana.

Msewu wa Great East

Opaleshoni ya kamera imeneyi ambiri amakaipeza ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570 kuchoka kuno, tsiku lathunthu m'basi, mwendo uli wopinda kudutsa mapiri a ku Luangwa. Lilongwe ndi pafupi kudzera pa Mwami, koma ndi dziko lina, ndipo inshuwalansi ya kuno musaidalire kumeneko. Werengerani ulendo wa MRI, wa opaleshoni, ndi maulendo obwerera kukaonedwa, kuphatikizapo wodikirira ndi pogona. Funsani a inshuwalansi ya boma ya NHIMA ndi chipatalacho kuti akulembereni chimene alipira ndi chimene mulipire nokha, makamaka zitsulo zomangira mtsempha ndi MRI. Dokotalayo mumufunse mwaulemu kuti amachita ma ACL angati pachaka, ndi mtsempha uti umene manja ake anazolowera, ndiponso ngati meniscus adzasoka kapena adzadula. Mtsempha wachiwiri pa ubwino m'manja ozolowera umaposa woyamba m'manja ophunzira. Za ulendo wobwerera mufunsenso, chifukwa kukhala maola 8 m'basi bala lili laliwisi kungaundanitse magazi m'katumba. Katumba akatupa ndi kupweteka, kapena mpweya ukayamba kubanika, ndi nkhani ya chipatala nthawi yomweyo.

Ndipo musanagule tikiti ya basi, pezani kaye wa fizio kuno. Yambani kufunsa ku Chipata Central Hospital, kapena ku St Francis ngati muli cha ku Katete. Banja likhoza kugulitsa soya yense ndi ng'ombe imodzi kulipira opaleshoni ya maola awiri, n'kutsala opanda ya njinga yopitira ku fizio kwa miyezi 9. Zikatero mwagula chitseko chachitsulo n'kuchiika pa nyumba yopanda zipupa. Ine ndikanakhala ndi ndalama ya chimodzi chokha, ndikanalipira fizio.

Fizio imayamba opaleshoni isanachitike. Dokotala wabwino safuna kudula bondo lotupa ndi losawongoka, chifukwa limadzauma. Ntchito yoyamba ndi yotopetsa: kugona chagada, chidendene pa thaulo lopinda, kusiya bondo kuti liwongoke lokha; kulimbitsa ntchafu mpaka kafupa ka pabondo katakoka; kutukula mwendo wowongoka. Kenako kukwera ndi kutsika sitepe, kunjuta pang'onopang'ono, kamchenga m'thumba la shuga komangirira pa akakolo. Mwayi wathu ndi njinga. Mzinda uno unkapanga njinga za Eagle, ndipo palibe mudzi wopanda njinga. Mukaiimika pa sitandi kuti gudumu lakumbuyo lilendewere, mwapeza makina amene ena amalipira ku jimu.

Msampha uli pa mwezi wachitatu ndi wachinayi. Ululu watha, ndodo zatayidwa, mnyamata akuyenda monyada, koma mkatimo mtsempha woikidwa uja umakhala utafooka kuposa tsiku limene unalowa, popeza thupi limakhala likuugumula ndi kuumanganso. Kukhwima kwake kumatenga chaka kapena ziwiri. Kafukufuku wa ku Norway ndi ku America wa mu 2016 anapeza kuti mwezi uliwonse umene wosewera wadikira, kufikira mwezi wa 9, unkachepetsa ndi theka kuvulalanso. Mwa amene anabwerera asanakhoze mayeso a mphamvu ndi kudumpha, 38 pa 100 anavulalanso, pamene mwa okhoza anali osakwana 6 pa 100. Ndiye kalendala payokha sikwanira. Mwendo wochitidwa opaleshoni uyenera kufika 90 pa 100 ya mwendo wabwino, pa mphamvu ndi pa kudumpha ndi mwendo umodzi, bondo losatupa mawa lake. Chenjeraninso kuti mwendo wabwinowo nawo umafooka pa miyezi yokhala, ndiye ukhoza kukhozetsa mnzake mayeso mwaulere. Limbitsani yonse iwiri. Makochi nawo aphunzire FIFA 11+, zotenthetsa thupi za mphindi 20 zosafuna zida zapadera, zimene zimachepetsa kuvulala pafupifupi gawo limodzi mwa atatu.

Njira ina imene palibe amafuna kuitchula ndi kusiya masewera okhotakhota. Si manyazi. Pali kuthamanga, kupalasa njinga, kuimba wezulo, kuphunzitsa ana. Ndaona bambo wa zaka 35 akukongola ndalama ya katapila kuti abwerere ku ligi ya pa Sabata yolimbirana mbuzi. Ameneyo ndikanamuuza kuti alimbitse ntchafu, agule wezulo.

Mwana wa mlongo wanga uja anachita fizio miyezi itatu, bondo n'kupindabe kawiri. MRI inaonetsa kuti nkhata yamkati inayamba kung'ambika, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi tsiku la tomato lija. Anamuika hamstring ndi LET, meniscus n'kusoka. Mwezi wa 7 utakwana, kochi wake anafika pakhomo ndi jezi m'pulasitiki. Kunali mpikisano wa pa 24 October.

"Akulu, tingomubwereka hafu imodzi. Akuthamanga bwinobwino, ndamuona."

Ndinatenga khala pa mbaula n'kulemba mzere pakhonde, mlongo wanga anabweretsa tepi yake yosokera. Mnyamata anaima ndi mwendo wamanzere, manja m'chiuno, nadumpha. Masentimita 170. Ndinamuuza kochi kuti awerengere yekha pa foni 90 pa 100 ya 170. Anati 153. Mnyamata anaima ndi wamanja, anapuma kawiri, nadumpha, potera n'kugwira chipupa. Tinabwereza katatu. Kwabwino kwake kunali 128.

Kochi anayang'ana mzere wa khala uja kanthawi, napinda pulasitiki yake. "Mfana, ubwere udzatigwirire madzi," anatero, n'kukwera njinga.